Chitseko cha Anamwino Chikulirabe

6 Febuluwale

Okondedwa mayi a ana,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa ana. Chifuwa cha kamzime kathu chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, moti lamba ndamusuntha bowo.

Musadabwe kulandira kalata ngati tabwerera pa chibwenzi. Foni yanga yayamba matukutuku, mukamayankhula mawu anu amamveka ngati mwalowa m'chidebe. Ndaganiza kuti ndizilemba, adiraivala a basi aja azikupatsirani. Ubwino wa kalata ndi woti simungandidule pakamwa.

Nkhani yabwino ndi iyi: ndachoka kotsuka magalimoto. Madamu, eni ake a galaja ino, andipatsa benchi langalanga, ndipo anthu ayamba kale kunditchula kuti a Zitseko. Ndikufotokozereni, chifukwa ndikudziwa kuti mukauza anzanu kuti ndakhala kalipentala. Mukakwera galimoto, chimene mumatsamira ndi chigongono, pamene pali chogwirira ndi mabatani a mawindo, si chitseko chenichenicho. Ndi bolodi chabe, lokutidwa ndi nsalu kapena chikopa, lobisa zitsulo ndi mawaya. Likang'ambika, likatupa ndi madzi, kapena galu wa mwini galimoto akalitafuna, amabwera nalo kwa ine.

Masikuluwu ake amabisala kuseri kwa chogwirira ndi pansi pa potsamira mkono. Ukawamasula, umalowetsa kampeni ka pulasitiki m'mphepete, timakilipi togwira bolodi n'kumatuluka kuti thu! thu! thu! Kenako umalinyamula pang'onopang'ono, chifukwa kumbuyo kwake kuli mawaya. Ntchito imeneyi imafuna munthu amene anatsitsapo mwana wogona kumsana osamudzutsa. Ndiye mwaona, zija munkandiphunzitsa zapindula.

Ukaika bolodi latsopano, ntchito siinathe. Umatenga galimotoyo kupita nayo kumsewu wa maenje wa kuseri kwa fakitale, wailesi wazimitsa, mawindo watseka, pakamwa watseka, kumvetsera ngati chitseko chikulira. Kuno timati kupita kutchalitchi. Chitseko chikati zii, ndiye kuti wadziwa ntchito.

Ndatumiza kangachepe. Mugulire mtsikana wathu wamkulu nsapato za kusukulu, zokulirapo, mapazi akewo akuthamanga. Njinga yanga musabwereke alamu anu, inabwera yopanda belu ulendo uja.

Ine mwamuna wanu.

11 Malichi

Mayi a ana,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ndaiwerenga mpaka yayamba kuthetheka mopindamo. Ine ndili bwino ndithu.

Mwafunsa za anthu amene ndimakhala nawo. M'chipinda ndimagona ndi wamagetsi wa pagalaja pomwe pano. Timamutchula kuti Fyuzi, chifukwa sachedwa kupsa. Koma ndi munthu waukhondo, mbale satsala nazo. Pafupi ndi benchi langa pali Amalume, bambo wachikulire wosoka mipando ya galimoto. Si amalume a wina aliyense, koma ngakhale Madamu amawatchula choncho. M'mawa uliwonse amandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi m'singano ya makina, ati zala zanga n'zowonda. Malipiro ake amandithirira tiyi wa m'fulasiki yawo, wotsekemera ngati akufuna kundipha.

Ntchito ikundikoma, mayi. Pali chimwemwe china chake pamene bolodi lakhala m'malo mwake, iwe n'kulimenya ndi chikhatho kuzungulira, kilipi iliyonse ikuyankha. Sabata yatha ndinakonza galimoto ya bambo wina wogulitsa nsomba. Nditatsegula chitseko, Amalume anathawira panja atagwira mphuno.

Kadandaulo kamodzi kokha. Mwezi watha ndinaika bolodi latsopano pa chitseko chakumbuyo cha galimoto ya anamwino ena. Ndinapita nayo kutchalitchi, zonse zii. Lachiwiri abwera nayo, ati chitseko chikulira ngati muli njuchi yachitsulo. Ndinapitanso, osamva kanthu. Mwina tsiku limenelo malole anachuluka pamsewupo. Ndinamutenga Fyuzi, ndipo tisanafike n'komwe pa dzenje loyamba anati, "Akulu, simukumva zimenezi? Ndi makilipi a m'munsi awa." Ndinasintha makilipi onse a m'munsi, galimoto yapita. Tsopano ndikamapita kutchalitchi ndimamutenga, ndimangomugulira botolo la zoziziritsa kukhosi. Kuyenda awiri si mantha.

Chinanso, kasikuludiraiva kanga kafupi, ka chogwirira chofiira, kasowa. Sindikunena munthu, koma m'chipinda timagonamo awiri, ndipo mawaya nawonso amafuna kasikuludiraiva kafupi.

Sopo kuno wakwera mtengo moti ndikumudula pakati ndi mpeni. Inu kumeneko musadzimane. Chitseko cha kukhitchini chimene mukuti chatupa, muitane kalipentala achipale pansi. Musalole kuti ana azichikankha ndi mapazi.

Mwati ndikonzetse foni. Ndidzakonzetsa, osadandaula.

Ine wanu yemwe uja.

19 Epulo

Mayi a ana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Ine thupi lili bwino.

Kalata yanu yandilasa. Mwalemba kuti, "Foni yanu siinawonongeke, chifukwa tsiku lija munampatsa mnzanu kuti andipatse moni, iye ankandimva bwinobwino." Inu mukanakhala wapolisi, akuba akanasiya ntchito. Chabwino, khutu langa lakumanzere lili ngati muli thonje, kuyambira pamene ndinadwala malungo aja chaka chatha. Ndi zazing'ono, zidzatha zokha. Tisiye pomwepo.

Fyuzi wachoka. Ndinamufunsa za kasikuludiraiva kanga, mwaulemu ndithu, iye n'kuyaka. "Ine wakuba? Ine amene ndimakumvererani zitseko tsiku ndi tsiku?" Ananena zimenezo mokweza, pakati pa galaja, mwamwayi makina opopera mpweya anali akulira. Patapita masiku anapeza malo pagalaja ina kutsidya kwa mlatho, wanyamula matilesi ake. Chipinda chakula, koma ndimadzipeza ndaphika tiyi wa anthu awiri.

Galimoto ya anamwino ija yabweranso. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa: makilipi amene ananena Fyuzi sanali olakwa. Anamwinowo ndi mayi wofatsa, sanakalipe. Anangoti, "A Zitseko, ine ndimachoka kuntchito mutu uli waukulu ndi kubuula kwa odwala. M'galimoto muno ndi mokhamo mmene ndimapumira. Ndithandizeni." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinachotsa bolodi, ndinamata tinsalu tofewa paliponse pamene pulasitiki imakhudza chitsulo, ndinamanga mawaya kuti asagwedere. Ndinapita kutchalitchi ndekha. Kwa ine kunali zii. Koma zii wanga masiku ano sindikumukhulupirira.

Ndikuuzeni lamulo la Madamu kuti mudziwe pamene ndaima. Galimoto ikabwerera kachitatu ndi dandaulo lomwelo, amene anaigwira amatenga chikwama chake. Si mayi wankhanza, koma galaja anawasiyira ndi amuna awo malemu, ndipo amaisamala ngati diso. Iyi yabwerera kawiri.

Musade nkhawa. Ntchito zina zonse zikuyenda, ndipo dzulo bambo wina wa takisi anandiyamikira pamaso pa anthu, ati zitseko zake zaoneka ngati za galimoto ya ukwati. Masana timakhala padzuwa kuseri kwa galaja, Amalume akusimba za atsikana amene anawakana kalekale. Moyo ukukoma ndithu.

Ndamva kuti mtsikana wathu wakhoza bwino masamu. Mumuuze kuti nzeru zimenezo watengera kwa bambo ake, kulongolola ndiye kwa mayi ake.

Ine mwamuna wanu.

24 Meyi

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata ino ikhala yaifupi.

Ndinapita kuchipatala monga munalamulira. Anandiveka zomvera kumutu n'kumandiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Mbali ya kumanzere dzanja langa linangokhala pabondo. Adokotala akuti khutu limenelo lapita, silibwerera. Lakumanja likumva mawu a anthu, koma timaphokoso ting'onoting'ono tikulidutsa. Ndinatuluka n'kukhala pa benchi la panja nthawi yaitali. Ndinalira, mayi, sindikubisirani. Munthu wapeza kumene ntchito imene manja ake akuikonda, ndiye khutu n'kumati ine ndatopa.

Pagalaja palibe amene akudziwa. Madamu akamayankhula ndimatembenuka ngati ndikufuna chida, kuti khutu labwino liloze kwa iwo. Ana musawauze. Sindifuna kuti azinena kusukulu kuti bambo awo ndi gonthi.

Mwalemba kuti mukubwera, ana muwasiya ndi achemwali anu. Musabwere. Basi ndi yodula, ulendo ndi wautali, ndipo miyendo yanu imatupa mukakhalitsa. Ndanena ndanena, ine ndine mwamuna m'nyumbamo.

Mukakwere basi ya adiraivala athu omwe aja, osati zinazi, zimafa m'njira. Mukhale mpando wa kutsogolo. Mutenge juzi, kuno m'mawa kukuzizira. Ndikakudikirani pa siteshoni nditavala shati ya buluu ija munandigulira.

Ine wanu.

14 Julayi

Mayi a ana,

Ndamva kwa adiraivala kuti munafika bwino, ndipo kamzime kanakukakamirani pakhosi osafuna kutsika. Ine ndili bwino, kungoti chipinda chino chayambanso kukula. Makatani amene munasoka aja anthu akumaima panja kuwayang'ana.

Pa siteshoni sindinayankhule bwino, ndinali ndidakali ndi mkwiyo. Lero ndikufuna tikambe, poti pa kalata simungandiyankhe.

Choyamba, ndikuvomera kuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pamene galimoto ya anamwino inalowa pageti kachitatu, inu munali mutandibweretsera chakudya cha masana. Inu osafunsa munthu, munangotsegula chitseko n'kukhala kumbuyo, mbale zili pamiyendo. Ine ndinangoliza galimoto, ulendo wa kumsewu wa maenje uja. Ndikamakumbukira ndimaseka ndekha: mayi wa ana anga ali m'tchalitchi cha amakanika, maso atatseka, chala chili m'mwamba. Ndipo mawu anu ndidakawasunga: "Bambo, ichi si pulasitiki. Ndi chitsulo chikugunda chitsulo, pansi penipeni, ngati supuni m'poto."

Ine miyezi yonseyi ndinkalimbana ndi bolodi, osaganiza zomatula pepala la pulasitiki lotchinga madzi limene lili kuseri kwake. Nditamatula n'kupisa dzanja m'mimba mwa chitseko, mukudziwa chimene ndinatulutsa. Kasikuludiraiva kanga ka chogwirira chofiira, kali phee, kayenda ulere ndi anamwino kuyambira Febuluwale. Ndinakatsekeramo ndekha tsiku limene ndinaika bolodi latsopano lija. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, ati dokotala wasokera lumo m'mimba mwa wodwala. Lamlungu ndinawoloka mlatho kukapepesa Fyuzi. Anandiyang'ana, anati, "Akulu, botolo limodzi silikwana." Ndinagula awiri, tagwirizana.

Chachiwiri ndi chimene chinandikwiyitsa. Madamu atabwera kudzaona, ine ndinali nditakonza kale bodza langa. Inu n'kuimirira, mbale m'manja, n'kunena kuti, "Madamu, bambowa manja awo ndi abwino, koma khutu lakumanzere linafa. Akuopa kukuuzani." Pamaso pa anthu onse! Ndinalakalaka nditalowa m'chitseko momwemo, wina n'kuikapo bolodi. Kunyumba munati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo poti ine ndimangodzigwira pamimba, mwanditsekulira ndinu. Ndinakhala masiku awiri osakuyankhulani, inu n'kumangoimba nyimbo mukusita zovala zanga. Pepani. Masiku amenewo ndikuwalira tsopano.

Za ntchito sizinadziwikebe. Madamu anati, "Lamulo ndi lamulo, koma ndiganize kaye." Pakadali pano ndikumasula mabolodi ndi kuwakuta nsalu, koma kuika ndi kupita kutchalitchi andiletsa. Ndimagwira ntchito chikwama chili pansi pa benchi.

Komabe ndikuuzeni chodabwitsa. Chiyambire tsiku limenelo ndikugona tulo tabwino, ndipo khosi lasiya kuwawa, poti sindikulipotozanso pofuna kubisa khutu.

Malata awiri a pakhonde amene munanena aja, dikirani kaye mpaka tidziwe.

Ine mwamuna wanu wosamva, mbali zonse ziwiri za mawuwo mukuzidziwa.

9 Ogasiti

Okondedwa mayi a ana,

Moni wochuluka kwa inu, kwa ana, ndi kwa achemwali anu amene anatisungira nyumba. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo mukamawerenga kalata ino mukhale pansi.

Lachisanu Madamu anandiitana ku ofesi. Ndinapukuta manja, ndinasuzumira chikwama changa, ndinapita. Ndinapeza Amalume ali momwemo, chipewa chili pabondo, nkhope yagwa ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Madamu anatseka chitseko, anazungulira tebulo n'kudzaima mbali ya khutu langa labwino.

Anati, "A Zitseko, kodi mukuganiza kuti Amalume amakupatsani singano m'mawa uliwonse chifukwa zala zanu n'zokongola?"

Amalume anangoti, "Mwana wanga, maso anafooka, bowo la singano ndinasiyana nalo chaka chatha. Mzere ndimausoka ndi chizolowezi." Mayi, munthu ndakhala naye moyandikana miyezi yonseyi, ndikumwa tiyi wake, aliyense atafungatira chake ngati nkhuku pa mazira!

Madamu anati iwo anaona kalekale, ankangodikira kuti wina atsegule pakamwa. Anati, "Lamulo langa ndinaikira anthu aulesi ndi onama. Ulesi mulibe. Bodza munali nalo, koma akazi anu analichotsa. Ndiye mverani. Inu muziika mabolodi, ndipo muziyang'ana mizere ya Amalume isanachoke pa makina. Kutchalitchi muzipita awiri, inu kuyendetsa, Amalume kumvetsera. Mukaphatikizana mukukwana munthu mmodzi wathunthu, koma musaope, ndizikulipirani ngati awiri."

Ndinangogwira dzanja lawo ndi manja anga onse awiri, girisi ndi zonse.

Dzulo tinapita ulendo wathu woyamba, ndi galimoto ya mphunzitsi wina imene ndinaisintha mabolodi onse anayi. Amalume anakhala kumbuyo, manja pachifuwa, maso otseka. Tinadutsa maenje onse, kupita ndi kubwerera. Amalume osayankhula. Ine mtima uli m'mwamba, ndikuti kapena amva zambiri moti akusowa poyambira. Titafika pageti ndinatembenuka, ndinapeza munthu ali m'tulo, kukamwa kuli pululu. Ndinawagwedeza. Anati, "Iwe, ine tulo tanga ndi ta mbalame, kakilipi kamodzi kakanalira ndikanadzuka. Galimoto imene yandigoneka ine, ipereke kwa mwini wake." Madamu sanakhulupirire, anaitenga okha kukazungulira nayo. Pobwera anangondiponyera makiyi n'kunena kuti, "Yotsatira."

Anamwino aja anadutsa Lachitatu, osati kudzadandaula. Anatsitsa windo, anati ndikupatseni moni inu, ati mukadzafuna ntchito yomvera zifuwa za odwala, malo alipo.

Malata a pakhonde aja gulani tsopano, mvula isanayambe. Mutenge olimba, ndipo kalipentala akhome inu muli pomwepo. Nsapato za mtsikana wathu ngati zayamba kuthina, mupatse mwana wa achemwali anu, ndidzabwera ndi zina pa tchuthi.

Chomaliza. Zija ndinati ana musawauze, ndabweza mawu. Muwakhazike pansi muwauze zoona, kuti bambo awo khutu limodzi linafa, koma ntchito ali nayo ndipo akuidziwa. Wina akawaseka kusukulu, asamenyane naye. Ndipo kamzime mukauze kuti ndikadzabwera, tinkhani take tija timene kamakonda kundinong'oneza, kazidzazungulira mbali ya kumanja. Sindifuna kuphonyako ngakhale kamodzi.

Ine mwamuna wanu,
a Zitseko.